Wodwala amukana, wathanzi ndiye akumufuna: za matenda a MLD ndi chithandizo chopangidwa ndi kachilombo

Funso: Ndine mayi wa ana awiri ndipo tikukhala ku England. Mwana wathu woyamba ndi wamkazi, ali ndi zaka 2 ndi miyezi 8. Anayamba kuyenda bwinobwino, koma atapitirira chaka ndi theka anayamba kumangodzigwera. Pano sayendanso, ndipo timawu timene ankatchula tikumuthawa. Madokotala apeza kuti ndi matenda a MLD. Akuti kuli chithandizo chotchedwa gene therapy, koma iyeyu sangalandire chifukwa matenda apita patali. M'malo mwake akufuna kuyeza mlongo wake wa miyezi 4, amene alibe vuto lililonse. Ndamvanso kuti mankhwalawo amapangidwa ndi kachilombo ka HIV. Apongozi anga kumudzi akuti tisalole, tibwere ndi anawa akaonedwe kwa asing'anga. N'chifukwa chiyani akukana wodwala n'kumafuna wabwinobwino? Kodi akufuna kumupatsa HIV mwana wanga?

Yankho: Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zagwera banja lanu. Ndiyambe ndi chimene sichiyenera kudikira: lolani kuti mnyamatayo ayezedwe, ngati n'kotheka sabata yomwe ino. Kuyeza si kulandira chithandizo ayi. Amangotenga magazi pang'ono ndi mkodzo, ndipo zotsatira zikatuluka mudzakhalabe ndi ufulu wovomera kapena kukana zimene adzakuuzeni. Mwayi woti mwanayu alibe matendawa ndi 3 pa 4, choncho n'kutheka ndithu kuti mudzangopumira m'mwamba nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ngati ali pa gawo lotsalalo, miyezi imene akuoneka wathanziyi ndi yokhayo imene chithandizo chingamugwire. Chifukwa chake ndichifotokoza pang'onopang'ono, pakuti ndi chomwecho chimene chikuchititsa kuti mkulu wakeyo amukane.

M'selo lililonse la thupi muli timatumba ting'onoting'ono totchedwa lysosome, timene anatitulukira Christian de Duve wa ku Belgium mu 1955. M'timatumba timeneti ndi mmene selo limaphwanyira zinthu zimene zatha ntchito, ndipo chinthu chilichonse chili ndi enzaimu yakeyake yochiphwanya. Enzaimu imodzi ikasowa, chinthu chakecho chimangounjikana mpaka selo kudwala. Matenda obwera mwa njira imeneyi alipo oposa 50, monga Gaucher, Pompe, Hurler, Sanfilippo, Krabbe ndi Tay-Sachs, ndipo ambiri mwa iwo amawononga ubongo. Pa MLD, imene dzina lake lonse ndi metachromatic leukodystrophy, enzaimu yosowa ndi arylsulfatase A, mwachidule ARSA, ndipo chimene chimaunjikana ndi mafuta otchedwa sulfatide. Mafutawa ndi mbali ya myelin, chikuto choyera chimene chimakuta mitsempha ya mu ubongo, ya mumsana ndi ya m'miyendo kuti uthenga uziyenda msanga. Akachuluka amapha maselo amene amapanga chikutocho. Ndiye mwana amene ankathamanga amayamba kupunthwa, kenako miyendo kuuma, kenako mawu, kenako kumeza. Mtundu umene mwana wanu ali nawo, woyamba mwana asanakwanitse miyezi 30, ndiwo wothamanga kuposa yonse.

Kwa apongozi anu, mukawauze mwaulemu kuti palibe amene walodza, ndipo palibe mwambo umene unaphonyedwa mwana ali m'mimba. Munthu aliyense amalandira gene ya ARSA, kutanthauza malangizo opangira enzaimuyo, kawiri, ina kwa mayi ina kwa bambo. Inu muli ndi imodzi yabwino ndi imodzi yolakwika, bambo a anawa chimodzimodzi, ndipo nonse muli bwino chifukwa imodzi yabwinoyo imakwanira. Mwana amadwala pokhapokha akatengera zolakwika zonse ziwiri. Ndi mmenenso matenda a sickle cell amayendera, ndipo amenewo kumudzi ambiri amawadziwa. Pa mimba iliyonse mwayi ndi womwewo: 1 pa 4 mwana adwale, 2 pa 4 angonyamula ngati inu, 1 pa 4 asatengere n'komwe. Ndatsindika za bambo dala, chifukwa nkhani zotere zikafika kuchimuna zala zimakonda kuloza mkazi. Matendawa sangabwere kuchokera mbali imodzi.

Tsopano chithandizocho. Chiyambi chake ndi chinthu chimene Elizabeth Neufeld ndi anzake anaona ku America mu 1968. Anasakaniza m'mbale imodzi ya mu labotale maselo a khungu a wodwala Hurler ndi a wodwala Hunter, matenda awiri osowa ma enzaimu osiyana, ndipo onse awiri anakhala bwino. Zinapezeka kuti selo limataya kunja gawo lina la enzaimu imene lapanga, ndipo selo loyandikana nalo limatha kuitola n'kuilowetsa m'timatumba take. Zili ngati kukapala moto kwa aneba: sikuti nyumba iliyonse iyenera kukhala ndi machesi, bola pamudzi pakhale ena amene moto wawo suzima. Mfundo imeneyi ndi imene imachititsa kuti matenda a lysosome akhale ochizika kusiyana ndi matenda ena ambiri a mu ubongo. Simufunika kukonza selo lililonse. Mukungofunika maselo okwanira, omwazikana paliponse, opanga enzaimu yambiri yoti igawidwe.

Njira yoyamba imene anthu anaganiza inali yongopanga enzaimuyo kufakitale n'kumaipereka pa dripi. Pa Gaucher zinatheka kuyambira 1991, ndipo chiwindi ndi kapamba zotupa zinkaphwa. Koma ubongo uli ndi mpanda wake. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo ndi yothinana kwambiri moti chinthu chachikulu ngati enzaimu sichidutsa. Pa mtundu wina wa matenda a Batten, wotchedwa CLN2, analambalala mpandawu poika kachipangizo pansi pa khungu la kumutu, n'kumathira enzaimu m'kati mwenimweni mwa ubongo masabata awiri alionse; mankhwala ake, Brineura, anavomerezedwa mu 2017. Pa MLD palibe mankhwala otere amene anavomerezedwa. Anayesanso kuika mafuta a m'mafupa a munthu wina wathanzi, monga amachitira pa khansa ya m'magazi. Kwa ana aang'ono a mtundu wothamangawu sizinathandize kwenikweni: maselo a munthu wamba amapanga enzaimu yochepa, amafika mochedwa, ndipo nthawi zina amaukira thupi la mwanayo.

Ku Milan, ku Italy, pa malo a kafukufuku otchedwa SR-Tiget pa chipatala cha San Raffaele, gulu la Luigi Naldini ndi Alessandra Biffi linafunsa funso lina. Bwanji titenge maselo a mwana yemweyo, tiwaike gene yabwino, ndipo tiwachititse kupanga enzaimu yochuluka kuposa ya munthu wathanzi? Zotsatira za ana atatu oyambirira zinasindikizidwa mu 2013. Chithandizocho ndi chimene lero chikutchedwa Libmeldy ku Ulaya ndi Lenmeldy ku America. Mayiko a European Union anachivomereza mu December 2020, bungwe lounika mankhwala ku England la NICE linalola kuti NHS, zipatala za boma za ku Britain, izichipereka mu February 2022, ndipo FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, inavomereza mu March 2024. Ku Britain chimaperekedwa pa Royal Manchester Children's Hospital.

Mmene zimachitikira ndi motere. Mwana amabayidwa majekeseni kwa masiku angapo kuti maselo oyambitsa magazi, amene amakhala m'mafuta a m'mafupa, atulukire m'magazi. Kenako amamulumikiza ku makina amene amasefa magazi, kupatula maselowo, otsalawo n'kuwabwezera. Gawo lina la maselo amalisunga mufiriji osalikhudza, kuti zinthu zikapanda kuyenda adzamubwezere akeakewo. Gawo linalo limapita ku labotale, ndipo kumeneko ndi kumene limakumana ndi kachilombo kaja, kamene kamanyamula gene yabwino n'kuilowetsa m'maselowo. Patapita masabata angapo maselo amabwera ali okonzedwa. Asanawabwezere, mwana amalandira busulfan, mankhwala amphamvu a khansa, kwa masiku ochepa, kuti achotse maselo akale apereke malo. Kubwezerako sikutenga nthawi, ndi kathumba kamodzi kapena timatumba tochepa pa dripi, kamodzi kokha pa moyo wake. Maselowo amakakhazikika m'mafupa, ndipo ena mwa maselo obadwa kwa iwo amalowa mu ubongo n'kukhala m'malo mwa maselo oyeretsa a kumeneko, otchedwa microglia. Mpanda uja umakaniza enzaimu, koma maselo amoyo amenewa amadutsa. Akafika amayamba kugawa enzaimu kwa oyandikana nawo.

Za HIV mwamva zoona, koma theka lake. N'zoona kuti chonyamulira gene chimenechi chinachokera ku HIV, ndipo sindikudabwa kuti mtima wanu unadumpha. Palibe banja la kwathu limene silinaikepo maliro chifukwa cha kachilombo kameneka. Akatswiri anasankha HIV chifukwa cha luso lomwelo limene limakachititsa kukhala kovuta kuchiza: kamatha kulowa m'selo n'kusokerera malangizo ake mu DNA ya selolo, momwe mumakhala ma gene ake, mpaka kalekale, ngakhale selo limene silikugawikana. Naldini ndi anzake anaonetsa mu 1996, ali ku Salk Institute ku California, kuti luso limeneli likhoza kubwerekedwa. HIV ili ndi ma gene 9. M'chonyamuliracho onsewo amawachotsa, n'kutsala timizere tochepa tothandiza kusokerera, ndipo pamalo potsalapo amaikapo gene ya ARSA. Ziwalo zomangira kachilomboko zimapangidwa padera mufakitale, ndipo malangizo ake salowa m'kati. Ngakhale chikopa chake chakunja si cha HIV, chimachokera ku kachilombo kena. Chotulukapo chimatha kulowa m'selo kamodzi, kusiya gene, basi. Sichingaberekane, sichingagwetse chitetezo cha m'thupi, sichingapatsire munthu wina. Komanso kumbukirani kuti sichibayidwa mwa mwana. Chimagwira ntchito yake m'mbale ya mu labotale, ndipo mwana amalandira maselo ake omwe.

Pali zinthu ziwiri zokhudza HIV zimene ndikufuna muzisunge, chifukwa kwa ife zili ndi kulemera kumene azungu ambiri sangakuganizire. Choyamba, timizere totsala tija timakhalabe mu DNA ya maselo a magazi a mwana. Ndiye akadzayezedwa HIV ndi njira ya PCR, imene imafufuza DNA kapena RNA ya kachilombo, zotsatira zikhoza kuonetsa ngati ali nako pamene alibe. Zimenezi zinalembedwa pa malangizo a mankhwalawo. Ku Malawi makanda amayezedwa ndi PCR yomweyo. Tsiku lina mutabwera kudzaona agogo, mwana n'kudwala malungo, wina n'kumuyeza, mukhoza kuuzidwa uthenga wabodza ndi kupatsidwa ma ARV osafunika. Muzidzayenda ndi kalata ya chipatala yofotokoza zimenezi. Chachiwiri, ma ARV amatsekereza chonyamulirachi monga amatsekerezera HIV yeniyeni, choncho mwana sayenera kukhala akumwa kuyambira mwezi umodzi maselo asanatengedwe. Ngati m'nyumbamo muli amene ali pa mankhwalawa, kapena khandalo linapatsidwa oteteza litabadwa, kapena likuyamwa kwa mayi amene akumwa, auzeni madokotala poyambirira. Musasiye nokha mankhwala alionse. Iwo ndiwo adzakonze ndondomeko.

Choopsa chenicheni cha chithandizochi sichili pa HIV, chili pawiri pena. Poyamba ndi busulfan. Kwa masabata angapo mwana amakhala alibe asilikali a m'thupi, m'chipinda chayekha, aliyense wolowa atasamba m'manja ndi kuvala zodzitetezera. M'kamwa mumatuluka zilonda moti ena amakana kuyamwa n'kumadyetsedwa pa chubu, tsitsi limathothoka, kutentha thupi kulikonse kumakhala nkhani yothamangira, ndipo nthawi zina chiwindi chimavulala. Kugonekedwa kumatenga mwezi umodzi mpaka itatu. Busulfan ikhozanso kuwononga mphamvu yobereka, ndiye funsani ngati angasunge kachidutswa ka ziwalo zoberekera chithandizo chisanayambe. Ena amaona ngati n'zochititsa manyazi kufunsa zimenezi za khanda la miyezi ingapo, koma mwanayo akadzakula adzafuna kudziwa ngati munafunsa.

Kwina ndi kusokerera kuja. Gene ikalowa mu DNA sisankha bwino pokhala, ndipo itagwera pafupi ndi malangizo oyendetsa kugawikana kwa maselo ikhoza kuyambitsa khansa ya m'magazi. Izi si nthano. Zinachitika ku Paris mu 2002 ndi 2003 kwa ana ochizidwa matenda osowa chitetezo, pogwiritsa ntchito chonyamulira cha mtundu wakale. Zachitikanso posachedwa ndi Skysona, chithandizo cha matenda ena a ubongo otchedwa adrenoleukodystrophy, pamene lipoti la mu 2024 linanena za ana 7 mwa 67. Chonyamulira cha Libmeldy chinamangidwa mosiyana, ndi chosonkhezera (kachidutswa koyatsa gene kuti igwire ntchito) chofatsa, ndipo m'lipoti la mu 2025 la ana 39, ena atatsatiridwa zaka zoposa 10, munalibe khansa yotere. Komabe n'chifukwa chake mwana amayezedwa magazi kwa zaka 15 pambuyo pake. Ine ndimaona kuti dokotala amene angakuuzeni kuti palibe choopsa chilichonse sakukulemekezani.

Nanga phindu lake? Pamene FDA inkavomereza, inayerekeza ana 37 olandira chithandizo ndi ana amene sanalandire. Mwa ana a mtundu wothamangawu amene analandira zizindikiro zisanayambe, onse anali moyo pa zaka 6, pamene mwa osalandira anali 58 pa 100. Pa zaka 5, ana 71 pa 100 ankayenda okha, ndipo 85 pa 100 ankalankhula ndi kuganiza molingana ndi msinkhu wawo, zinthu zimene sizioneka n'komwe matendawa akasiyidwa. Onani kuti 71 si 100. Mitsempha ya m'miyendo sikonzeka bwino ngati ubongo, ndipo ana ena amakula akuyenda movutikira kapena ndi zothandizira. Koma amapita kusukulu, amakangana ndi anzawo, amakula.

Ndafika pa funso lanu lopweteka. Akumukaniranji wodwalayo? Mawu akuti "zizindikiro zisanayambe" ndiwo mutu wa nkhani yonse. Chithandizochi sichimanga chimene chagumuka, chimangoletsa kugumuka. Mtsempha wa mu ubongo umene wafa sumeranso, ngakhale enzaimu itabwera yochuluka bwanji. Ndiponso chithandizochi chimayenda pang'onopang'ono. Kuyambira tsiku lotenga maselo, kudikira labotale, busulfan, mpaka maselo atsopano atadzaza mu ubongo n'kuyamba kugawa enzaimu yokwanira, pamapita miyezi yambiri. Mwa mwana wa mtundu wothamanga amene wasiya kale kuyenda, matenda amatha ntchito yake m'miyezi yomweyo. Madokotala a ku Milan sanangoganiza izi pa tebulo. M'kafukufuku wawo munali ana amene analandira matenda atayamba kale kuthamanga, ndipo anapitirira kufooka ngati sanalandire kanthu. Mwa ana 29 a m'lipoti la mu 2022, awiri anamwalira ndi matenda omwewo, onse atalandira zizindikiro zilipo kale. Ndiye malamulo ake amalola ana opanda zizindikiro, kuphatikizapo ana a mtundu woyamba mochedwerapo amene akadayendabe okha ndipo nzeru sizinayambe kubwerera m'mbuyo. Kumupatsa mwana wanu wamkazi kukanakhala kumudutsitsa m'zowawa zonse za busulfan, kumutsekera m'chipinda miyezi imene akanakhala pamiyendo panu, popanda chobwerapo. Sakumukana chifukwa cha ndalama, kapena khungu, kapena kuti ndinu obwera. Mwana woyamba amene analandira chithandizochi pa NHS mu 2022 anapezeka mwa njira yomweyi: mkulu wake anadwala n'kukanidwa, wamng'onoyo n'kupulumuka. Mabanja ambiri a MLD adutsa pa mpeni womwewu, ndipo n'chifukwa chake akumenyera kuti makanda onse aziyezedwa atangobadwa. Ku Germany anayesa pa makanda oposa 100,000 ndipo anapeza atatu asanadwale.

Mwina mwawerengapo kuti pali njira ina, yobaya kachilombo mwa mwana mwenimwenimo, ndipo mukudzifunsa ngati imeneyo singafulumire. Ilipodi. Imagwiritsa ntchito kachilombo kena kakang'ono kotchedwa AAV, kamene sikadziwika kuti kamadwalitsa anthu, ndipo gene imene kamanyamula nthawi zambiri imakhala pambali pa DNA osasokereredwa. Mtundu wake wina, AAV9, umatha kudutsa mpanda wa ubongo ukaperekedwa pa dripi. Ndi umene uli mu Zolgensma, mankhwala a matenda ofoola minofu a SMA amene anavomerezedwa mu 2019. Pa matenda a lysosome anthu akhala akuyesa kwa zaka zoposa 20. Ku New York, gulu la Ronald Crystal linaboola timabowo m'chigaza n'kuthira AAV mu ubongo wa ana a Batten kuyambira 2004. Ku Massachusetts anayesa pa ana awiri a Tay-Sachs, lipoti lake n'kutuluka mu 2022. Pa Sanfilippo kafukufuku wapita patali ndithu. Ubwino wake ndi woti sipafunika busulfan ndipo enzaimu imayamba msanga. Kuipa kwake, mlingo waukulu umavulaza chiwindi, thupi limapanga asilikali olimbana nako moti kubwereza n'kovuta, ndipo kobayidwa mu ubongo sikafalikira patali ndi pamene singano inafika; ubongo wa mwana ndi waukulu kwambiri poyerekeza ndi wa mbewa zimene amayambira kuyesera. Pa MLD penipeni anayesa ku Paris, mwa ana anayi. Enzaimu inaonekadi m'madzi a mu ubongo, koma matenda sanaime. Choncho musagulitse katundu kapena kutsegula zopereka pa Facebook chifukwa cha chipatala china chakunja chimene chikulonjeza kuchiza ndi "stem cells". Kafukufuku weniweni salipiritsa makolo, ndipo dokotala wa mwana wanu akhoza kukufufuzirani ngati pali wina amene akulandira ana a msinkhu ndi mkhalidwe wake.

Mtengo ndingoutchula kuti musadzadzidzimuke mukauona m'nyuzipepala: unali pafupifupi mapaundi 2.8 miliyoni ku Britain mu 2022, ndi madola 4.25 miliyoni ku America mu 2024. NHS inagwirizana ndi kampani mtengo wotsikirapo umene sunalengezedwe, ndipo kwa mwana woyenera kuthandizidwa ndi NHS banja silipira.

Pa kuyeza kwa mnyamatayo, pali kamsampha kamodzi. Anthu ambiri athanzi ali ndi enzaimu ya ARSA yooneka yochepa pa makina koma yokwanira m'thupi, ndipo sadzadwala MLD moyo wawo wonse. Ndiye kuchepa kwa enzaimu pakokha si chigamulo. Amayenera kuonanso sulfatide mu mkodzo, ndiponso kufufuza mu DNA zolakwika ziwiri zomwezo zimene zapezeka mwa mlongo wake. Poti zimenezo akuzidziwa kale, yankho silichedwa. Akapezeka nazo adzamujambula MRI ndi kuyeza liwiro la mitsempha, ndipo adzafuna kuti zonse zichitike nthawi ikadalipo, chifukwa ana a mimba imodzi amakonda kuyamba kudwala pa msinkhu wofanana. Mkulu wake anayamba kugwa atapitirira chaka ndi theka, ndipo m'kati matenda anali atayamba kale. Ulendo wa kumudzi wa miyezi iwiri kapena itatu panopa ukhoza kudya mpata wonsewo. Ngati apongozi akufuna mapemphero kapena mwambo wa pabanja, zimenezo zichitike kumudziko anawo ali konkuno, koma mankhwala azitsamba akumwa asafike kwa khanda limene chiwindi chake chikhoza kudzakumana ndi busulfan.

Mwana wanu wamkazi sanathere pa mawu akuti "sangalandire". Pali zambiri zomuchitira, ndipo ndi ntchito ya madokotala, osati chifundo chabe. Kuuma kwa minofu kumapweteka, ndipo kulira kwa usiku kumene makolo ambiri amakusowera chochita kawirikawiri kumachokera pamenepo kapena ku ululu wa mitsempha. Mankhwala monga baclofen ndi gabapentin, pamodzi ndi mafizo ndi mpando womukhazika bwino, amachepetsa. Akayamba kutsamwa pakudya, kapena chakudya chimodzi kumatenga ola lathunthu, musachedwe kukambirana za chubu cha pamimba. Makolo ambiri amachikana poyamba poganiza kuti n'kugonja, koma chimateteza chibayo chobwera ndi chakudya cholowa m'mapapo, ndipo chimabwezera nthawi yoti muzingomunyamula osalimbana ndi supuni. MLD imakhudzanso ndulu, choncho akamasanza kapena kumva m'mimba, akumbutseni aione. Khunyu ikabwera ili ndi mankhwala ake. Pemphani kuti akulumikizeni ndi hospice ya ana. Ku Britain malo amenewa si ongodikirira imfa. Amathandiza banja kwa zaka, amatha kumusunga mwana masiku angapo kuti inu mugone, ndipo mudzawafuna kwambiri ngati mudzakhale ku Manchester ndi wamng'onoyo. Kulinso bungwe la makolo la MLD Support Association UK. Ana amenewa amamva mawu a mayi awo ndi nyimbo ngakhale atasiya kuyankha, ndiye pitirizani kumulankhula m'Chichewa chomwecho chimene anazolowera.

Za mimba zam'tsogolo, dokotala wa za chibadwa adzakufotokozerani kuti mwana akhoza kuyezedwa ali m'mimba kuyambira cha pa masabata 11, kapena atangobadwa. Mukadziwa pobadwa, mpata wa chithandizo umakhala wonse.

Otsala ndi abale a kumudzi. Achimwene ndi achemwali anu, komanso a bambo a anawa, aliyense ali ndi mwayi wa 1 pa 2 woti akunyamula gene yolakwikayo. Kwa ambiri sizidzabala kanthu, chifukwa kukumana ndi mnzawo wonyamulanso n'kosowa. Zimasintha ngati ukwati uli wa pachibale, monga wa chisuweni umene m'madera ena ukadalipo. Ndipo ngati m'banjamo munali mwana amene anayenda, kenako n'kusiya, kenako n'kuuma, anthu n'kumati ndi malungo a mu ubongo kapena kulumala kobadwa nako, funsani bwino mbiri yake. Malungo a mu ubongo amagwetsa mwana tsiku limodzi ndi kutentha thupi ndi kukomoka, ndipo akadzuka kulumala kwake sikumapitirira kukula. Kulumala kobadwa nako sikulanda mwana zimene anaziphunzira kale. Mwana amene akubwerera m'mbuyo mwezi ndi mwezi popanda kudwala koonekera ayenera kuonedwa ndi dokotala wa ana pa chipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Pemphani kope la lipoti la DNA la mwana wanu, lokhala ndi mayina enieni a zolakwika ziwirizo, mulitumize kwa wachibale amene mumamukhulupirira. Dokotala wa kumudzi akakhala nalo pamanja, magazi amene angatumize ku labotale yakunja amakafufuzidwa pa malo awiri okhawo m'malo mosakasaka matenda onse oposa 50 aja.